Zotupa zosaonekaoneka za mu impso, m'chikhodzodzo ndi m'njira ya mkodzo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amafunsa odwala, magadiyani ndi makolo akauzidwa kuti sikani yaonetsa chotupa penapake pamene pamadutsa mkodzo. Ena ndi a anthu amene angoona magazi pokodza, ndipo akudzifunsa ngati n'koyenera kuvutikira thiransipoti yopita kuchipatala chachikulu. Mayankhowa sangalowe m'malo mwa dokotala amene wakupimani ndi manja ake. Cholinga chake n'choti mukalowa m'chipinda cha dokotalayo mudziwe zoyenera kufunsa.

Kodi zotupa zimenezi ndi ziti?

Mkodzo umapangidwa mu impso ziwiri, umatsika m'timachubu tiwiri kupita m'chikhodzodzo, kenako n'kutuluka kudzera m'njira imodzi. Paliponse pa ulendowu pangamere chotupa. Ku Ulaya ndi ku America, mwa anthu 10 alionse odwala khansa ya m'chikhodzodzo, pafupifupi 9 amakhala ndi mtundu umodzi wotchedwa urothelial carcinoma. Umayambira pa kachikopa kofewa kamene kanakuta mkati mwa chikhodzodzo, ndipo kusuta fodya ndiko kumauyambitsa kwambiri. Mitundu ina yonse mabuku a kumeneko amaiika m'gulu la zosowa: squamous cell carcinoma, adenocarcinoma, small cell carcinoma, khansa ya m'timachubu tochokera ku impso, khansa ya m'njira yotulukira mkodzo, ndi zotupa za ana.

Koma zimene n'zosowa ku London sizikhala zosowa ku Mangochi. Mtundu wa squamous, umene kumeneko nthawi zambiri supitirira 5 pa 100, kuno kwathu ndi ku Zambia madokotala amaupeza kawirikawiri, ndipo chifukwa chake ndi likodzo. Nkhani ya mtunduyi si ya m'kalasi yokha ayi. Mankhwala amene amagwira bwino pa mtundu wina sagwira pa unzake, choncho munthu amene sanauzidwe mtundu wa chotupa chake sanamalize kuyezedwa.

Ndakodza magazi kamodzi kokha, osamva kuwawa, ndipo zasiya zokha. Si likodzo limeneli?

Mwina ndi likodzo, makamaka ngati ndi mwana wa sukulu amene amasambira m'nyanja kapena padambo, ndipo magazi akubwera kumapeto kwa kukodza. Koma kwa munthu wamkulu, makamaka wopitirira zaka 40, magazi osawawa mu mkodzo tiziwatenga ngati chizindikiro cha chotupa mpaka madokotala atatsimikiza kuti palibe. Chotupa chimatulutsa magazi lero, n'kusiya kwa miyezi itatu, n'kudzayambiranso. Kusiyako ndi kumene kumapusitsa anthu ambiri.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti m'madera a m'mbali mwa nyanja tinazolowera kwambiri mkodzo wofiira moti ena amauona ngati gawo la kukula kwa mnyamata. Bambo wa zaka 50 amagula mapilitsi a likodzo kagulosale, n'kumwanso maantibayotiki, chaka n'kutha, chotupa chikukula. Ngati mwamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, moyenera koma patapita milungu ingapo magazi akuonekabe, pemphani sikani. Amayi nawonso asamangouzidwa kuti ndi matenda a m'njira ya mkodzo n'kupatsidwa mankhwala omwewo kachitatu kapena kachinayi popanda kuunikidwa.

Pali zina zimene zimafiiritsa mkodzo popanda magazi. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachititsa mkodzo, thukuta ndi misozi kuoneka za olenji, ndipo bitiruti nayenso amafiiritsa. Kapepala kakang'ono koviika mu mkodzo kamasiyanitsa zimenezi m'kamphindi.

Likodzo limabweretsa bwanji khansa?

Nyongolotsi yoyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo, Schistosoma haematobium, anaitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo mu 1851. Tiana take timatuluka mu nkhono za m'madzi osathamanga, n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwoka mpunga. Zikakula, nyongolotsizo zimakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, zaka zitatu, zisanu kapena kuposerapo, zikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ndipo pobowola khoma la chikhodzodzo ndi pamene magazi amatuluka. Koma ambiri amakakamira m'khoma momwemo.

Thupi limalimbana ndi mazira okakamirawo chaka ndi chaka. Kachikopa kofewa ka m'kati kamasintha n'kukhala kokhakhala, monga mmene chikhatho cha mlimi chimalimbira ndi mpini wa khasu. Chikhodzodzo chimauma, sichikhuthula mkodzo wonse, tizilombo ta bakiteriya timaswana m'mkodzo wotsalirawo n'kumapanga mankhwala owononga maselo. Pa khungu losinthikalo ndi pamene khansa ya squamous imamera, patapita zaka makumi awiri kapena atatu chiyambire likodzo. N'chifukwa chake odwala athu amakhala a zaka za m'ma 40 ndi 50, anthu amene ana awo akadali pasukulu, pamene ku Ulaya khansa ya m'chikhodzodzo imagwira kwambiri nkhalamba za m'ma 70.

Mgwirizano wa likodzo ndi khansa unaonedwa ku Egypt kale mu 1911, ndipo mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO, yotchedwa IARC, inaika nyongolotsiyi m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa kwa anthu. Ku Egypt komweko kuli chilimbikitso: dzikolo litachepetsa kwambiri likodzo, khansa ya squamous nayo inatsika. Mapilitsi amene ana amamwa kusukulu ku Salima, Nkhotakota, Zomba ndi Chikwawa akuteteza zikhodzodzo zimene zikanadzadwala khansa zaka makumi atatu zikubwerazo. Makolo amene amaletsa ana kumwa mankhwalawa chifukwa amachititsa chizungulire angowadyetsa phala kapena nsima asanamwe, chizungulirecho chimachepa.

Si likodzo lokha. Chilichonse chimene chimakwiyitsa chikhodzodzo kwa zaka zambiri chingachite zomwezi: mwala wa m'chikhodzodzo, paipi ya mkodzo imene munthu wopuwala msana wakhala nayo zaka, ndi matenda a mkodzo obwerezabwereza.

Ndinadwala likodzo ndili mwana ndipo ndinachira. Kodi ndidzadwala khansa?

Ambiri amene anadwalapo likodzo sadwala khansa. Chiopsezo chili pa amene analidwala mobwerezabwereza kwa zaka zambiri osalandira mankhwala, ndipo chimakula ngati amasutanso fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe. Praziquantel amapha nyongolotsi koma sachotsa zipsera zakale, ndiponso sateteza kuti musatengenso mukalowa m'madzi omwewo. Ngati munakulira kunyanja ndipo tsopano mukukodza pafupipafupi, mukumva kuwawa pachinena, kapena mukuona tizidutswa toyera m'mkodzo, kaunikitseni.

Kuchipatala akandiyeza chiyani?

Poyamba ndi mkodzo, kufufuza magazi, mafinya, mazira a likodzo, ndiponso TB ngati akukayikira, chifukwa TB ya impso ndi chikhodzodzo imatha kufanana kwambiri ndi chotupa. Amatenganso magazi kuti aone kuchuluka kwake ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Muyeso wa impsowo umatchedwa creatinine, ndipo nambala yake muziidziwa, chifukwa zambiri za chithandizo zimadalira iyo.

Kenako sikani ya pamimba, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Imapezeka m'zipatala zambiri za maboma. Mupite chikhodzodzo chili chodzaza. Mukakodza kaye pakhomo, woyezayo saona bwino ndipo kachotupa kakang'ono kamabisala. Sikaniyi imaonetsa chotupa cha mu impso, chotupa chachikulu cha m'chikhodzodzo, ndi impso imene yatupa chifukwa mkodzo watsekeka. Koma ikapanda kuonetsa kanthu sizitanthauza kuti mulibe kanthu.

Chotsimikiza ndi kuyang'ana m'kati mwenimweni, kumene madokotala amati cystoscopy. Mumagona chagada, miyendo atayiika pa zotsamira. Namwino amapukuta ndi mankhwala, n'kuthira mafuta ochititsa dzanzi m'njira ya mkodzo, kapena amakubayani jakisoni wa pamsana ngati chida chake n'cholimba kapena akufuna kudula. Dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi nyali ndi kamera, n'kudzaza chikhodzodzo ndi madzi kuti makwinya ake atambasuke. Mumamva ngati mkodzo wakugwirani kwambiri. Iye amazungulira khoma lonse: m'mbali, pamwamba, ndi pa timabowo tiwiri pamene mkodzo umalowera kuchokera ku impso. Chikhodzodzo cha likodzo lakale chimakhala ndi timadontho tachikasu tokhakhala. Khansa ya urothelial imaoneka ya timphonje tosewera m'madzi, pamene ya squamous imakhala chibuluma cholimba, chazilonda, chokutidwa ndi zoyerayera. Kuyang'ana kokhako ndi mphindi zochepa. Pambuyo pake kukodza kumawotcha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kumwa madzi ambiri kumathandiza.

Akaona chotupa amachipala ndi kawaya kotentha kudzera m'njira yomweyo, osang'amba pamimba, n'kutumiza zidutswazo ku labotale. Funsani ngati mu zidutswazo munapezeka mnofu wa khoma la chikhodzodzo, chifukwa funso lalikulu n'lakuti khansa yalowa mu mnofu kapena ikadali pamwamba. CT sikani ya pamimba ndi pachifuwa imaonetsa ngati yafika m'mwanabele, m'chiwindi kapena m'mapapo. Imathandizanso kwambiri kupeza zotupa za m'timachubu tochokera ku impso, zimene sikani wamba imaziphonya.

Bwanji sakundiyambitsa mankhwala msanga? Zotsatira za kanyama kaja zikuchedwa.

Kudikira n'kowawa, ndipo madokotala oyeza tinyama timeneti ndi ochepa m'dziko muno. Ntchito yambiri imachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chotupa chosowa nthawi zina chimafuna kupakidwa mankhwala apadera kuti adziwe mtundu wake, ndipo izi zimawonjezera masiku. Komabe kuyamba kemo, mankhwala opha maselo a khansa, osadziwa mtundu n'koopsa kuposa kudikira pang'ono. Small cell carcinoma imayambidwa ndi kemo ya cisplatin ndi etoposide chifukwa imafala msanga. Squamous simva kwenikweni kemo, imafuna mpeni. Munthu wa squamous akataya miyezi itatu pa dilipi, nthawi yabwino yochitira opaleshoni ingamudutse.

Koma kudikira sikutanthauza kukhala chete kunyumba. Musanatuluke m'chipatala lembetsani m'buku lanu la kuchipatala tsiku limene kanyamako kanatengedwa, nambala yake, labotale imene kanapita, ndi tsiku loti mudzabwere. Siyani nambala za foni ziwiri zimene zimagwira. Tsikulo likakwana pitani ngakhale sanakuimbireni.

Achibale akuti chotupa akachikhudza ndi mpeni chimalusa. N'zoona?

Ayi. Maganizowa amabwera chifukwa anthu ambiri amafika mochedwa, amadulidwa kanyama, ndipo patapita miyezi yochepa amamwalira ndi matenda amene anali atafala kale asanafike. Kupala chotupa cha m'chikhodzodzo kudzera m'njira ya mkodzo ndi chiyambi cha chithandizo chenicheni. Pali zotupa zina zimene madokotala eni ake amapewa kubaya, monga chotupa cha impso cha ana ndi china chimene chimakweza BP, ndipo zonsezi zili m'munsimu. Kusankha kumeneko asiyireni iwo.

Pomusambitsa mwana wanga ndamva cholimba mbali imodzi ya mimba, koma akusewera bwinobwino. Ndichite chiyani?

Pitani naye kuchipatala sabata yomwe ino ndipo mupemphe sikani. Umu ndi mmene chotupa cha Wilms chimapezekera nthawi zambiri: mayi akupaka sopo kapena mafuta, dzanja n'kugunda chinthu chosalala, cholimba, chosawawa, pansi pa nthiti, kapena n'kuona kuti kabudula wayamba kuthina m'chiuno pamene manja ndi miyendo zikuonda. Chotupachi chinatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Max Wilms, amene anachifotokoza mu 1899. Chimamera mu impso, makamaka mwa ana osapitirira zaka zisanu. Ana ena amakodza magazi, ena amatentha thupi kapena BP imakwera, koma ambiri saonetsa china chilichonse.

Kwathu kuno mimba yotupa ya mwana timafulumira kunena kuti ndi kapamba wa malungo, njoka za m'mimba kapena kunyentchera. Sikani imasiyanitsa. Musamasisite kapena kudinadina chotupacho, ndipo musalole kutemera mphini pamenepo. Chili ndi kathumba kake, ndipo kakaphulika khansa imamwazikira m'mimba monse, chithandizo n'kukhala chovuta.

Iyi ndi imodzi mwa khansa zochizika kwambiri. M'mayiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amachira. Njira imene imatsatidwa ku Ulaya ndi m'zipatala zambiri za mu Africa ndi yoyamba ndi kemo ya vincristine ndi actinomycin D kwa milungu inayi kuti chotupa chinyale, kapena milungu isanu ndi umodzi powonjezera doxorubicin ngati chafika kale m'mapapo. Kenako amachotsa impso yodwalayo, n'kupitiriza kemo kwa milungu kapena miyezi malinga ndi zimene apeza. Chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, chimene ambiri amangoti ku Gulupu, chakhala chikuchiza ana otere kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mu 2017 pali Mercy James Centre yochitirako maopaleshoni a ana. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe kulinso wodi ya ana odwala khansa.

Zimene zimatilanda ana kuno si kuvuta kwa chotupacho kokha. Ndi kufika mochedwa, kunyentchera, ndi kuthawa chithandizo chili pakati. Kemo ikagwira, pakatha milungu itatu mimba imaphwa, mwana amayamba kudya, ndipo kumudzi kuli munda wosalima ndi ana ena opanda wowaphikira. Makolo amanyamula katundu n'kubwerera, akuganiza kuti wachira. Chotupa chimabweranso, ndipo ulendo wachiwiri sichimvanso mankhwala ngati poyamba. Ngati vuto ndi ndalama ya basi kapena chakudya cha gadiyani, auzeni anamwino a mu wodimo poyera. Mavuto amenewa amawadziwa ndipo nthawi zambiri pamakhala pogwira. Chiponde chimene mwana amapatsidwa ndi mbali ya mankhwala ake, si chogawana ndi abale ake. Ndipo mwana amene ali pa kemo akatentha thupi, ngakhale pakati pa usiku, apite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa asilikali a m'thupi mwake amakhala atatsika.

Palinso chotupa china cha ana chotchedwa rhabdomyosarcoma, chimene chimamera m'chikhodzodzo. Mwana amakakamira pokodza, amalira, mkodzo umangodontha, ndipo kwa atsikana nthawi zina kanyama kofiira ka timibulu kamatulukira kumaliseche. Nachonso chimayambidwa ndi kemo.

Ndinauzidwa kuti ndili ndi sickle cell ya theka, imene sidwalitsa. Ikukhudzana bwanji ndi impso?

Pali khansa ya impso yotchedwa renal medullary carcinoma, imene inafotokozedwa koyamba mu 1995, ndipo pafupifupi onse amene amaidwala ndi anthu otengera sickle cell, matenda a magazi a kumtundu, kwa kholo limodzi lokha. Imagwira achinyamata ndi anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30, amuna kuposa akazi, makamaka impso ya kumanja. Ndi yosowa zedi ngakhale pakati pa anthu oterewa, choncho musagone ndi mantha. Koma imathamanga kwambiri. Sickle cell ya theka payokha imathanso kutulutsa magazi mu mkodzo, ndiye pali ngozi yoti wachinyamata angouzidwa kuti ndi zomwezo. Magazi mu mkodzo, kuwawa kwa m'nthiti cha kumsana ndi kuonda zikakumana, sikani ichitike.

Nanga mankhwala azitsamba angayambitse zotupazi?

Ena angathe, ndipo umboni wake ulipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anaonongeka impso atamwa mapilitsi ochepetsa thupi amene munali chitsamba cha mtundu wa Aristolochia. Mwa amene pambuyo pake anawachotsa impso zakufazo, pafupifupi theka anapezeka ndi khansa ya m'timachubu ta mkodzo. Poizoni wa m'chitsamba cha mtundu womwewu ndiye anali kudwalitsa alimi a m'midzi ina ya ku Serbia, Croatia, Bosnia, Bulgaria ndi Romania, kumene njere za chitsambachi zinkasakanikirana ndi tirigu, ndipo ndi amene akuchititsa kuti khansa imeneyi ikhale yochuluka ku Taiwan. Zitsamba za mtunduwu zimameranso mu Africa muno. Sindikunena kuti mtengo uliwonse wa kwa asing'anga ndi poizoni. Ndikunena kuti botolo lopanda dzina logulitsidwa pa WhatsApp kapena m'basi kuti limatsuka impso lingakhale loononga impsozo, ndipo wodwala amene akudikira cisplatin alibe impso yoseweretsa. Muuzeni dokotala zonse zimene mwamwa, musachite manyazi.

Khansa ya m'timachubuyi ndi gawo laling'ono, 5 mpaka 10 pa 100, la khansa zonse za urothelial. Chithandizo chake chachikulu ndi kuchotsa impso, kachubu kake konse, ndi kachigawo ka chikhodzodzo pamene kachubuko kamalowera, nthawi zina n'kutsatiza kemo. Imakonda kudzameranso m'chikhodzodzo, choncho cystoscopy imabwerezedwa kwa zaka. Ikapezeka mwa munthu wosakwana zaka 60 amene abale ake anadwalapo khansa ya m'matumbo kapena ya m'chiberekero, madokotala amaganizira matenda a kumtundu otchedwa Lynch syndrome, ndipo abalewo ayenera kudziwitsidwa.

Ndikangokodza mutu umawawa, mtima umagunda kwambiri, thukuta lili kamukamu. N'chiyani?

Zifukwa zingakhale zingapo, koma pali kachotupa kosowa kwambiri ka m'khoma la chikhodzodzo, paraganglioma, kamene kamatulutsa timadzi tokweza BP chikhodzodzo chikafinyika. Ena amakomoka m'chimbudzi momwemo, n'kumaganiziridwa khunyu kapena zamizimu. Nenani chizindikiro chimenechi dokotala asanakhudze chotupacho. Kachotupaka kakapalidwa popanda kukonzekera, BP imatha kukwera moopsa pa tebulo la opaleshoni. Amayamba ayeza timadzito m'magazi kapena mu mkodzo, n'kupereka mankhwala otsitsa BP a mtundu wake kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuchotsa.

Chizindikiro china chachilendo ndi zonanda zoterera mu mkodzo. Mwana ali m'mimba, chikhodzodzo chake chimalumikizana ndi mchombo kudzera m'kanjira kamene kamatsekeka asanabadwe. Mwa ena zotsalira za kanjirako zimadzasanduka khansa ali akuluakulu, pamwamba penipeni pa chikhodzodzo. Pochotsa amachotsa denga la chikhodzodzo, kanjirako ndi mchombo womwe, chikhodzodzo chotsalacho n'kusokedwa kuti chizigwirabe ntchito. Wodwala auzidwiretu kuti adzadzuka wopanda mchombo.

Njira yanga ya mkodzo imatsekeka ndipo akhala akuikuza kangapo. Ingakhale khansa?

Nthawi zambiri ndi chipsera cha chinzonono chakale kapena cha kuvulala. Koma ikamatsekekanso msanga, ikamatuluka magazi mukakhala simukukodza, pakakhala cholimba chogwirika pansi pa chida cha abambo, kapena pakabooka timabowo totulutsa mkodzo tosapola, atengepo kanyama. Kwa amayi, kanyama kotuluka magazi pa khomo la mkodzo kaonedwe ndi maso, makamaka akasiya kusamba. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamakhudzidwanso ndi zina mwa khansa za panjirayi.

Kodi chotupa chilichonse ndi khansa?

Ayi. Mu impso mumapezeka timatumba ta madzi tosavulaza, makamaka mwa achikulire. Muli zotupa monga angiomyolipoma, chimene CT sikani imachizindikira chifukwa chili ndi mafuta, ndipo chikakhala chaching'ono amangochiyang'anira. Likodzo lenilenilo limapanga timinofu m'chikhodzodzo cha ana timene timafota akamwa praziquantel.

Akuti andichotsa chikhodzodzo. Ndizikodza bwanji?

Khansa ikalowa mu mnofu koma isanafalikire kutali, kuchotsa chikhodzodzo chonse ndi mwanabele wozungulira ndiyo njira imene imapereka mwayi waukulu wochira, makamaka pa squamous. Kwa abambo prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, imachoka nayo, kwa amayi nthawi zambiri chiberekero. Njira yofala yotulutsira mkodzo ndi kudula kachidutswa kakafupi ka matumbo aang'ono, kulumikizapo timachubu tochokera ku impso, n'kukatulutsira pamimba cha kumanja, m'munsi mwa mchombo. Pakhungu pamaoneka kanyama kofiira, konyowa, kosamva kuwawa, ndipo mkodzo umadontha usana ndi usiku m'thumba lomata.

Thumbalo limakhuthulidwa lisanadzaze kupitirira theka, ndipo limasinthidwa pakapita masiku angapo. Nthawi yabwino ndi m'mawa musanamwe tiyi, mkodzo ukadali wochepa. Mumamatula pang'onopang'ono, kutsuka khungu ndi madzi ofunda opanda mafuta odzola, kuumitsa bwino, n'kudula bowo la thumba latsopano kuti likwane ndendende, chifukwa likakula mkodzo umadya khungu. Zonanda zoyera m'thumbamo zisakuopseni, ndi za matumbo aja. Malaya amabisa zonse, ndipo anthu amabwerera kumunda, kumsika ndi kumapemphero.

Funso limene muyenera kufunsa opaleshoni isanachitike ndi lakuti matumbawa muzidzawapeza kuti, ndipo ndi ndalama zingati, chifukwa amasowa. Pali njira ina yolumikiza timachubu ku matumbo aakulu kuti mkodzo uzitulukira kumbuyo, yosafuna thumba, koma ili ndi mavuto ake pa impso ndi mchere wa m'magazi. Kambiranani zonsezi muli ndi mwamuna kapena mkazi wanu, kuphatikizapo za m'nyumba, popeza opaleshoniyi imatha kufooketsa mphamvu za abambo. Ndi bwino kumva zimenezi pakamwa pa dokotala kusiyana ndi kudzazitulukira nokha n'kumakayikirana.

Munthu angakhale ndi impso imodzi?

Inde, moyo wonse, ndipo amabereka ndi kugwira ntchito. Muzimwa madzi okwanira, muziyezetsa BP ndi shuga, muchepetse mchere, ndipo musazolowere kumwa brufen, diclofenac kapena indocid pa kuwawa kulikonse, chifukwa amaononga impso.

Nanga kuwotcha ndi makina, ndi mankhwala othira m'chikhodzodzo?

Kuwotcha kumathandiza amene sangapirire opaleshoni yaikulu, kumaletsa magazi osasiya, ndipo kumachepetsa ululu khansa ikafika m'mafupa. Kwa zaka zambiri Amalawi ankatumizidwa kunja, ena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ena ku Tanzania ndi ku India. Tsopano makinawa ayamba kupezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mankhwala othira m'chikhodzodzo, monga BCG, ndi a khansa ya urothelial imene ikadali pamwamba. Pa squamous kapena khansa imene yalowa mu mnofu alibe ntchito, ndiye musagulitse ng'ombe kuwaitanitsa kunja musanafunse mtundu wa chotupa chanu. N'chimodzimodzi mankhwala atsopano odzutsa chitetezo cha m'thupi amene achibale a ku UK kapena ku Joni amawawerenga pa intaneti: umboni wake wambiri ndi wa urothelial.

Ndili pa ma ARV. Ndingalandire chithandizochi?

Inde. Musasiye ma ARV, ndipo dokotala wa khansa adziwe mtundu umene mukumwa, chifukwa tenofovir ndi cisplatin onse amalemetsa impso ndipo mwina pangafunike kusintha. BCG ndi kachilombo kamoyo, kotero kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri amakapewa.

Atiuza kuti chotupa sichingachotsedwenso. Ndiye kuti basi?

Kuchiza kungakanike, koma chithandizo chikadalipo chambiri, ndipo wodwala ali ndi ufulu wochilandira. Ululu wa khansa ya m'chikhodzodzo ndi woopsa, ndipo morphine wakumwa amauthetsa akamamwedwa pa nthawi yake, maola anayi alionse, osati kudikira kuti ululu uyambe. Samupha msanga munthu ngati mmene ena amanenera. Amaumitsa m'mimba, ndiye apatsidwe limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Magazi oundana akatseka mkodzo, anamwino amaika paipi yaikulu n'kutsuka chikhodzodzo ndi madzi, ndipo wodwala amapuma nthawi yomweyo. Impso zikatsekeka, nthawi zina amabaya kachubu kumsana kuti mkodzo uzitulukira pomwepo. Magazi akachepa amawonjezera. Fungo la chilonda limachepa ndi mankhwala a metronidazole.

Ku Queen Elizabeth kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino a chisamaliro chimenechi. Pemphani kalata yokutumizani kwa amene ali pafupi ndi kwanu musanatuluke mu wodi, kuti morphine akatha musamakwerenso basi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Ndikachira, ndizibwerabe kuchipatala mpaka liti?

Zaka zingapo, ndipo kawirikawiri m'zaka ziwiri zoyambirira, pamene khansa imakonda kubwerera. Amene chikhodzodzo chawo chinasiyidwa amayang'anidwa m'kati miyezi ingapo iliyonse poyamba, kenako motalikitsa. Mwana wa Wilms amaunikidwa pamimba ndi pachifuwa. Sungani pepala la zotsatira za kanyama, lipoti la CT ndi kalata ya opaleshoni m'pulasitiki, ndipo muzijambule pa foni n'kutumizira mbale wanu mmodzi. Mukasamukira ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Tete, dokotala watsopano adzayambira pa mapepala amenewo. Magazi mu mkodzo, kutsokomola kosatha, kuwawa kwa fupa pamalo amodzi kapena kutupa mwendo umodzi zikaoneka tsiku la sikelo yanu lisanakwane, musadikire tsikulo.